Musanawoloke pa Chiponde: Kayendedwe ka M'madera a Nkhondo

M'mawa uliwonse pa Boma la Mangochi pamanyamuka magalimoto owoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kukwera zitunda za ku Namwera mpaka kukatula anthu pa Chiponde, pamalire ndi Mozambique. Ambiri mwa okwerawo amakathera pa Mandimba, kugula zogulazo n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Ena amapitirira ku Lichinga kapena ku Cuamba. Koma alipo anyamata ena amene maso awo ali kutali: ku Montepuez kumene amakumba miyala ya ruby, ku Pemba kunyanja yamchere, kapenanso ku Joni kudzera ku Tete. Malangizo awa ndalembera iwowa, pamodzi ndi makolo ndi akazi awo amene amatsala kumudzi akungoyang'ana foni.

Sinditaya nthawi kukuuzani kuti musapite. Munthu amene ngongole yamufika pakhosi, usipa nawo ukusowa m'nyanja, sungamubweze ndi mawu. Changa n'chimodzi. Kumene kukulira mfuti, woyamba kuona zakuda ndi mlendo wopanda womudziwa, amene akafunsidwa kuti ndiwe yani, ukupita kwa yani, kukatani, amayamba kudzikanda m'mutu. Asilikali amamukayikira, eni mudzi amamukayikira, ndipo akasowa palibe amadziwa koyambira kufunsa. Ntchito yanu yonse, kuyambira muli pakhomo panu, ndi yoti mukafike uko muli mlendo wodziwika.

Choyamba: dziwani dzina la boma limene kukuyaka moto

Mawu akuti "ku Mozambique kuli nkhondo" sathandiza munthu, ndipo akuti "kuli bwinobwino, ine ndachokera komweko" ndiye oopsa koposa. Dzikolo ndi lalikulu. Wochokera ku Lichinga sangakuuzeni za ku Macomia, monga wa ku Makanjira sangakuuzeni za ku Chitipa.

Nkhondo ya masiku ano ili m'chigawo cha Cabo Delgado, kumalire ndi Tanzania. Inayamba pa 5 Okutobala 2017 pamene zigawenga zinaukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia. Eni dera amazitchula kuti al-Shabaab, ngakhale si gulu lija la ku Somalia. Mu Ogasiti 2020 zinalanda tauniyo ndi doko lake, n'kukhalamo chaka chathunthu. Pa 24 Malichi 2021 zinalowa ku Palma, pafupi ndi pamene kampani ya TotalEnergies inkamanga malo a gasi, ndipo ntchitoyo inaima. Mu Julayi chaka chomwecho kunafika asilikali a ku Rwanda ndi a SADC. Matauni anabwerera m'manja mwa boma, koma zigawenga zinangomwazikira m'tchire. A SADC anachokako mu 2024. Chiyambire, anthu oposa 1 miliyoni akhala akuthawa m'makwawo.

Kumwazikako ndiye kumatikhudza ife. Kumapeto kwa 2021 zigawenga zinaotcha midzi ku Mecula, m'chigawo cha Niassa chomwechi chimene tagundana nacho malire. Mu Juni 2022 zinafika ku Ancuabe, boma limene msewu wa Montepuez ndi Pemba umadutsamo. Mu Sepitembala zinawoloka mtsinje wa Lúrio n'kulowa m'chigawo cha Nampula, ndipo mu Febuluwale 2024 anthu zikwizikwi anathawa ku Chiúre. Tsono tengani pepala, mulembe malo onse amene galimoto yanu idzadutse, limodzilimodzi. Wopita ku Pemba kudzera ku Lichinga adzadutsa Marrupa, Balama ndi Montepuez. Wodzera ku Cuamba ndi Nampula adzadutsa Namialo, Namapa ndi Chiúre. Njira ziwirizi zimakumana pa Metoro. Za msewu wa N380 wokwera ku Macomia ndi Mocímboa da Praia ndinena mosapita m'mbali: wogulitsa usipa kapena kaunjika alibe chokatenga kumeneko chofanana ndi moyo wake.

Si nkhondo yokha imene imatseka msewu. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitachitika ku Mozambique, zionetsero zinatenga miyezi. Misewu inatsekedwa ndi matayala oyaka, intaneti ya pafoni inkadulidwa, mathanki a mafuta ochokera ku Beira ndi Nacala anavutika kufika kuno, ndipo mu Disembala anthu zikwi zambiri anathawira ku Nsanje. Ku South Africa nako alendo anasakidwa m'makomboni mu Meyi 2008, n'kubwerezanso mu Epulo 2015 pamene boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu. Choncho yang'ananinso kalendala. Ngati kumene mukupitako kuli chisankho, kapena khoti latsala pang'ono kulengeza zotsatira, dikirani zidutse kaye.

Chachiwiri: funsani amene wafika dzulo

Nkhani ya msewu wotere ili ngati chambo chaiwisi: cham'mawa, pofika madzulo chayamba fungo. Amene anadutsa mwezi watha angokusimbirani mbiri. Pitani pa Chiponde kapena pa Mandimba kutatsala tsiku limodzi, mukhale pamene madalaivala a mathiraki amadyera nsima, muwagulire tiyi, mufunse. Safunsa anadya phula. Koma funso la "kuli bwanji uko?" yankho lake ndi "kuli bho" basi. Funsani zogwirika. Mwadutsa liti? Munagona pati? Marodibuloko ndi angati, ndipo aimapo ndani, apolisi, asilikali kapena anthu wamba a mauta? Pali pamene magalimoto akudikirana kuti aperekezedwe? Netiweki inathera pati? M'midzi ya m'mbali mwa msewu muli anthu kapena anathawamo?

Funsani anthu atatu osadziwana, ndipo awiri akagwirizana mawu yambani kukhulupirira. Mwini galimoto imene mukufuna kukwera, kapena transipota amene adye ndalama yanu, ameneyo musamuwerengere. Kwa iye msewu suipa.

Rádio Moçambique ya ku Niassa imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chiyao, mvetserani. Magulu a WhatsApp amafulumira koma amasakaniza zinthu, kanema wa 2021 amabwera ngati wa lero. Alipo madala amene anayendetsa mathiraki nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ija inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni atathawira kuno. Iwowo ankadutsa ku Tete mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Nzeru zawo za kayendedwe tengani, n'zagolide. Koma malo amene ankaopa iwo si amene muyenera kuopa lero.

Chachitatu: wakuitanani ndani?

Pano ndichedwapo, chifukwa ambiri amatayikira pomwepa asanakwere n'komwe galimoto. Zigawenga za ku Cabo Delgado zakhala zikukopa achinyamata ndi lonjezo la ntchito, mpamba wa bizinesi kapena maphunziro. Mnyamata amanyamuka akuganiza kuti akukasodza kapena kukakumba miyala, n'kukadzidzimuka ali m'tchire mopanda pobwerera. Nyambo yomweyi inakola amayi athu ambiri ku Oman, ndiponso yafikitsa anyamata a m'maiko ena a mu Africa kunkhondo ya Russia ndi Ukraine.

Wokuitanani akhale ndi dzina lonse, malo enieni amene amakhala, ndi munthu wina kuno kumudzi amene amadziwa makolo ake. Pezani winanso wa m'tauni yomweyo, wosagwirizana naye, akutsimikizireni kuti ntchitoyo ilikodi. Mukamva mawu atatu awa imani: "musauze anthu, angakulodzeni", "thiransipoti ndilipira ine, mudzabweza ndi ntchito", ndi "pasipoti ndikusungirani". Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo pasipoti kunja ndiyo phukusilo.

Ngakhale ntchito yoyenda m'njira zovomerezeka ifunseni mafunso. Pa 25 Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka m'dziko muno kukagwira ntchito m'minda ku Israel, patangopita masabata ochepa nkhondo ya ku Gaza itayamba. Mindayo inasowa anthu chifukwa antchito ena a ku Thailand anaphedwa ndi kugwidwa pa 7 Okutobala, ndipo anzawo ambiri anabwerera kwawo. Malipiro akakhala okoma chotero funsani kuti amene anali pamalowo anachokeranji. Funsaninso kuti malowo atalikirana bwanji ndi kumene kukumenyedwa, pobisala mabomba akamagwa ndi pati, mukavulala alipire chipatala ndani, ndipo zikavuta thupi alibweretse ndani. Funso lomalizali limachititsa manyazi, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chachinayi: mapepala

Ife a m'malire tinazolowera kudutsa m'minda pa kabaza, ku Katuli uko kapena ku Makanjira, chifukwa tsidya linalo kuli azakhali ndi amalume. Pokaona maliro zimatheka. Koma mnyamata wachilendo wopezeka ku Balama opanda chidindo cha pa boda, msilikali samuona ngati wozemba imigireshoni, amamuona ngati wopita kukalowa gulu. Dutsani pa geti, pasipoti idindidwe mbali zonse ziwiri, ndipo werengani masiku amene akulemberani musanachoke pawindo. Kachiphaso ka pa boda kaja n'ka pafupi pompa, sikangakufikitseni ku Pemba.

Jambulitsani pasipoti makope atatu, tsamba la nkhope ndi la chidindo. Imodzi itsale kunyumba, ina m'chikwama, ina m'thumba. Nyamulani malisiti a katundu wanu ndi pepala lolembapo dzina, dera ndi nambala ya amene akukulandirani. Wopita ku Congo asaiwale khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever. Ndipo wina akakuuzani kuti lowani mu kontena tikuwolotseni, kumbukirani anthu 64 a ku Ethiopia amene anapezeka atafa mu kontena ya thiraki ku Tete mu Malichi 2020, atabanika.

Pali nkhani ina yovuta kuikamba, koma ndife a kuno, tiikambe. Ambiri mwa ife ndi Asilamu, mayina athu ndi kavalidwe kathu zimaonetsa. Zigawengazo zapha Asilamu ndi Akhristu omwe, ndipo mashehe a kumeneko ndi amene anayamba kuchenjeza boma nkhondo isanabuke. Komabe mabungwe oona za ufulu wa anthu akhala akudandaula kuti anthu osalakwa amamangidwa pongowaganizira. Sindikuti mukane chipembedzo chanu. Ndikuti inu mapepala anu akhale okwana kuposa a wina aliyense, ndipo mtsutso wa zachipembedzo ndi munthu amene mwangokumana naye m'galimoto muusiye.

Chachisanu: pangano la kunyumba

Sankhani munthu mmodzi, osati banja lonse, wamutu wozizira komanso wodziwa kuwerenga. Mumusiyire pepala lija la malo odutsa, kope ya pasipoti, chithunzi chanu chatsopano ndi manambala awiri a kumene mukupita. Mugwirizane ola loimba tsiku lililonse, ndipo uthenga uzikhala wotchula malo: ndagona pa Marrupa, mawa ndinyamuka 7 koloko, galimoto yake nambala yakuti. Mugwirizanenso chochita mukakhala chete. Tsiku loyamba aimbire wokulandirani. Lachiwiri akanene kupolisi ndi ku imigireshoni. Dziko lathu lili ndi ofesi za ukazembe ku Maputo, ku Tete, ku Pretoria ndi ku Johannesburg, ndipo a Red Cross amathandiza kufufuza abale osowa pankhondo.

Pangananinso liwu lachinsinsi, monga dzina la ng'ombe imene mulibe, loti mukalitchula adziwe kuti simukulankhula mwaufulu. Ndalama yobwererera itsale kwa iyeyo pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo isakhudzidwe ngakhale ndiwo zitasowa.

Chachisanu ndi chimodzi: za m'chikwama

Chikwama chikhale choti mungathamange nacho. Majekete ndi mathalauza a mawangamawanga achisilikali amene amapezeka pa kaunjika asiyeni, majombo akuluakulu chimodzimodzi. Ku Zimbabwe munthu wamba kuvala zotero ndi mlandu, ndipo ku Cabo Delgado zingakuphetseni. Chikwanje ndi mpeni waukulu ayi. Phukusi la munthu wina limene simunalitsegule nokha, ayinso.

Foni yabwino paulendowu ndi kaja ka mabatani kosunga moto masiku angapo. Mukawoloka gulani masimu awiri, Movitel ndi Vodacom, chifukwa pamene ina yathera ina imagwira, ndipo mulembetse ndi pasipoti yanu. Ngati mwatenga foni yaikulu, ichapeni muli kuno: makanema a nkhondo, zithunzi za mitembo zimene anthu amatumizirana, nyimbo ndi mauthenga a ndale, zonse fufutani, ndipo tulukani m'magulu amene simudziwa amalembamo ndani. Pa rodibuloko foni imatsegulidwa. Manambala ofunika muwalembe papepala, foni imatha kulandidwa.

Ndalama muigawe patatu: yochepa m'thumba ya metikashi ang'onoang'ono, ina m'chikwama, yaikulu yosokerera mkati mwa chovala kapena pa M-Pesa, imene ili ngati Mpamba wa kumeneko. Kamba akhale wosaola msanga, mtedza wokazinga, chigumu, mabisiketi. Onjezani botolo la madzi, WaterGuard, mapaketi a Thanzi, neti, tochi ndi chitenje. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, tengani opitirira ndi masabata awiri pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, chifukwa kumadera amenewa zipatala zambiri zinaotchedwa kapena kutsekedwa.

Chachisanu ndi chiwiri: pamsewu

Usiku sayenda, ngakhale dalaivala alumbire bwanji. Koma musakhalenso oyamba kulowa mumsewu mbandakucha. Dikirani magalimoto awiri atatu atulukire kuchokera kumene mukupitako, mumve kwa iwo kuti njira ili bwanji. Pofika 3 koloko masana mukhale mutafika pogona, chifukwa galimoto ikafa 5 koloko pakati pa tchire ndiye mwagona pomwepo.

Maso akhale panja, osati pa foni. Mukayenda mtunda wautali osakumana ndi galimoto kapena njinga, pamsika pali mabenchi okhaokha, m'midzi simukuoneka ana, kapena mukukumana ndi amayi atasenza mitolo ndi mphasa kulowera kumene mwachokera, uzani dalaivala aime pamudzi woyamba wokhala ndi anthu. Akakana, tsikani inu. Ndalama ya thiransipoti ipite.

Mdipiti woperekezedwa ndi asilikali uli ndi mbali ziwiri. Mu 2016 mathiraki athu ankayenda motero m'chigawo cha Manica, pamsewu wochokera ku Beira, ndipo ena anaomberedwabe. Kuperekezedwa n'chizindikiro choti msewuwo ndi woipa, si chitsimikizo choti mufika. Ngati palibe kuchitira mwina, galimoto yanu isakhale yoyamba, yomaliza, kapena yogundizana ndi ya asilikali.

Pa rodibuloko ndi pamene mlendo amayesedwa. Wailesi izimitsidwe, magalasi akuda achoke kumaso, chipewa pansi, manja aoneke. Musapise m'thumba musanauzidwe, ndipo foni isakhale m'manja. Perekani moni, "bom dia", kenako yankhani chimene mwafunsidwa chokha. Mawu awa muwaloweze muli kuno: "sou malawiano", ndine Mmalawi, "sou comerciante", ndine wamalonda, "vou para Montepuez", ndikupita ku Montepuez. Chiyao ndi Chinyanja zimakuyendetsani bwino kumadzulo kwa Niassa, koma kupitirira apo ndi Chimakuwa, Chimakonde ndi Chimwani, ndipo Chiswahili chimene mungaganize kuti chikuthandizani chingachititse wina kukuyesani wochokera ku Tanzania. Nkhani yanu ikhale imodzi pa rodibuloko iliyonse, ndiponso yofanana ndi ya amene mwayenda naye. N'chifukwa chake zoona zimaposa bodza: sizivuta kukumbukira.

Mudzamva liwu lakuti "refresco", kutanthauza ya fanta. Ine sindilimbikitsa ziphuphu, ndipo mapepala akakwana nthawi zambiri kudekha ndi kumwetulira zimakudutsitsani. Koma kukangana ndi mwana wa zaka 20 wonyamula mfuti, wotopa ndiponso wamantha, chifukwa cha ndalama ya botolo limodzi, si nzeru. Dziwaninso kuti si onse oimitsa magalimoto amene ndi a boma. Kuli a Naparama, anthu a m'midzi onyamula mauta, mikondo ndi zikwanje, okhulupirira kuti mankhwala awo amabweza zipolopolo. Gululi linayamba nthawi ya nkhondo yakale ndipo linadzukanso mu 2022. Amenewa pasipoti sawerenga kwenikweni, amafuna kumva kuti mukupita kwa yani. Zigawenga nazo zavalapo yunifolomu ya asilikali n'kutchinga msewu.

Mlatho, kampu, galimoto ya asilikali, bwalo la ndege, musajambule. Mukafuna kutaya madzi musalowe patchire, imani m'mphepete mwa tala. Mu 2015 Mozambique inalengeza kuti yatha kuchotsa mabomba okwirira a nkhondo yakale, koma zigawenga za lero zayamba kutchera awo opanga okha m'misewu ya kumpoto. Chachitsulo chilichonse chachilendo, waya, kapena chikwama chotayidwa, musachikhudze ngakhale ndi phazi.

Chachisanu ndi chitatu: mukafika

Musanamwe ndi madzi omwe, wokulandirani akuperekezeni kwa mkulu wa dera, amene kumeneko amati secretário do bairro, kapena kwa mfumu. N'chimodzimodzi kuno, mlendo amakaonekera kwa a nyakwawa. Dzina lanu lilembedwe, anene kuti mukhala masiku angati. Kaonekereninso kumzikiti kapena kutchalitchi pamodzi ndi mwini nyumba. Tsiku la chipwirikiti, munthu mmodzi wonena kuti "ameneyu timamudziwa, ndi mlendo wa uje" amaposa chidindo chilichonse.

Musagone pafupi ndi polisi, kampu, ofesi ya boma kapena banki, pakuti zigawenga zikalowa m'tauni zimayambira pamenepo. Tsiku loyamba lomwelo yendani muone njira ziwiri zotulukira, ina ya kumsewu ina ya kuminda. Pogona nsapato zikhale pafupi, mapepala ndi mankhwala m'kathumba kamodzi kumutu.

Mphekesera muziope ngati mfuti. Tonse tikukumbukira za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, mmene alendo osalakwa anaphedwera. Kumpoto kwa Mozambique anthu a zaumoyo akhala akumenyedwa powaganizira kuti mankhwala othira m'madzi ndiwo akufalitsa kolera, mwa zina chifukwa m'Chipwitikizi mawu akuti cloro ndi cólera amamveka mofanana. WaterGuard wanu uja thirani m'botolo lanu muli m'nyumba. Pachitsime kapena pamjigo musaoneke naye. Za Frelimo, za Venâncio Mondlane amene anapikisana nawo pa chisankho cha 2024, za asilikali a ku Rwanda, inu mulibe maganizo, munabwera kudzagulitsa nsomba.

Chachisanu ndi chinayi: mfuti zikalira

Gonani pansi pomwe mulipo, mutu pansi, kenako mvetserani kumene kukuchokera. Musadzuke kukaona. Khoma la njerwa, ngalande kapena chulu zimatchinga chipolopolo, koma mpanda wa udzu, malata ndi chitseko cha galimoto zimangokubisani. M'nyumba talikirani mawindo, zimitsani nyale, foni ikhale chete. Kukadukiza, tsatirani eni dera, makamaka amayi a ana, chifukwa iwo anathawapo kale ndipo njira amaidziwa. Musathamange nokha ndi chikwama chachikulu kumsana kulunjika kumene kuli asilikali.

Katundu musiyeni. Matumba a usipa, njinga yamoto, miyala imene mwakumba miyezi itatu, zonse. Anthu amafera pobwerera kukatenga.

Ku Palma mu 2021 netiweki inaduka nkhondo itangoyamba, moti amene ankadalira foni anasowa wowauza kolowera. Anthu amene anabisala pahotela ina anayesa kutuluka ndi magalimoto 17, ndipo mdipitiwo unagwa mumsampha. Ambiri amene anapulumuka m'taunimo anayenda pansi m'tchire masiku angapo kapena anatengedwa ndi maboti kunyanja. Ndiye botolo la madzi ndi nsapato zolimba zisamatalikire.

Wina akavulala, pindani chitenje, mutsindike pabala ndi mphamvu zonse osasiya kuti muone ngati magazi aleka. Akakhala mwendo kapena mkono ndipo magazi akuthamanga, mangani kolimba kumtunda kwa bala, mukumbukire ola limene mwamanga kuti mukauze achipatala. Mukagwidwa, kaya ndi gulu liti, musalimbane, musayang'anitsitse nkhope zawo, lankhulani pang'ono ndi mwaulemu. Akakhala a boma, bwerezani modekha kuti ndinu Mmalawi ndipo mukupempha kuti akazembe a dziko lanu adziwitsidwe.

Chakhumi: kubwerera

Chokubwezani muchitchule muli kuno, mtima uli m'malo, chifukwa uko phindu likayamba kuoneka munthu amangoti mawa, mawa. Nenani kwa uja mwamusiyira pepala kuti boma loyandikana nalo likaukiridwa, kapena eni masitolo akayamba kusamutsa mabanja awo, ine ndinyamuka tsiku lomwelo. Mukadikira kuti aliyense anyamuke, mpando wa m'galimoto umakwera mtengo kangapo, mwinanso osapezeka.

Pasipoti ikatayika, kaneneni kupolisi ya komweko akupatseni kalata, kenako lumikizanani ndi ofesi yathu ya ukazembe ikupatseni chiphaso chobwererera. Apa ndi pamene kope ija inatsala kunyumba imagwira ntchito. Tulukirani pa geti, akudindireni.

Mukafika kumudzi, thupi likangotentha kayezetseni malungo tsiku lomwelo, ndipo muwauze achipatala kumene mwachokera. Ena amabwera thupi lili bwino koma tulo tikusowa, chitseko chikamenyeka amadzidzimuka, kapena amayamba mowa umene sankamwa. Zimachitikira ngakhale asilikali athu obwera ku Congo. Kambani ndi shehe, abusa kapena achipatala, musazitsekere mumtima.

Ndipo pa Chiponde paja, musanakwere galimoto yotsikira ku Boma, mudzapeza mnyamata wina atakhala pabenchi ndi kachikwama kake akufunsa za njira. Muuzeni tsiku limene mwadutsa, pamene munagona, marodibuloko amene mwawerenga, ndi mudzi umene munaupeza wopanda anthu.